Telala Amene Ankasita Chigamba cha Mankhwala

Dzina lakuti a Mzere anawapatsa ndi makasitomala awo, ndipo linachokera pa thalauza. Thalauza lotuluka m'manja mwawo linkakhala ndi mzere wakuthwa moti mwini wake ankachita manyazi kukhala pansi. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pansi pa nyumba yosanja, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mawotchi. Munali makina osokera pafupi ndi zenera, tebulo lodulira nsalu, galasi lalitali long'aluka pakona, ndi simbi imene sinkazizira kuyambira potsegula mpaka potseka. Akuluakulu ambiri a m'maofesi ankavala masuti osokedwa m'menemo, ndipo kwa ena a iwo sutiyo ndi imene inkagwira ntchito yambiri.

A Mzere anali ndi lamulo limodzi pa moyo wawo: chinthu chamakwinya sichikhudza thupi la munthu. Ankasita mipango, masokosi, ngakhale zingwe za nsapato. Kalata ya ku khonsolo ikabwera yopindika ankayamba aisita kenako n'kuiwerenga, ati ikasalala ukali wake umachepa. Akazi awo ankauza anthu kuti akuopa kukalamba, chifukwa makwinya akadzayamba kumaso, m'nyumba muno mudzavuta.

Nyamakazi inayambira ku chala chachikulu cha dzanja lamanja. Poyamba ankati ndi kuzizira chabe. Kenako mfundo za zala zonse zinatupa n'kumatentha ngati muli makala, ndipo m'mawa manja ankadzuka ali gwa, osatheka kufumbata. Sizasi inayamba kuwalemera. Chimene chinawawawa kwambiri chinali chaching'ono: kulowetsa ulusi pa singano. Akazi awo anayamba kuwaperekeza ku shopu m'mawa uliwonse, n'kuwalowetsera ulusi pa singano zingapo, wakuda, woyera, wabuluu, n'kuzibaya pa kapilo asanapite ku ntchito zawo. Singanozo zikatha, ntchito ya tsikulo inali yatha.

Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi, choncho amaona ngozi paliponse. Anabwera tsiku lina n'kuima pakhomo la shopu, chikwama chili m'khwapa.

"Ababa, shopuyi titseke. Makinawa pali munthu akuwafuna. Inu mukapume."

"Ndikapume chiyani? Wakuuza kuti ndatopa ndani?"

"Manjawo atopa."

"Manjawa ndi anga. Ndikambirana nawo."

Anagwirizana kuti achipatala ayambe ayesa zawo zonse. Zikakanika, makina anyamulidwa.

Adokotala anali mayi wamfupi wolankhula mosathamanga. Mapilisi anali atayesedwa kale osaphula kanthu. Anati mankhwala amene angathandize alipo, koma vuto lake ndi lakuti ndi aakulu.

"Aakulu bwanji?" anafunsa a Mzere. "Ngati njerwa?"

"M'botolo amaoneka ngati madzi, bambo. Koma kachidutswa kamodzi ka mankhwala amenewa, mukakaika pafupi ndi ka mapilisi a mutu aja, kali ngati basi pafupi ndi njinga. Mukamwa, m'mimba amagayidwa ngati nyama, chifukwa ndi puloteni. Mukadzola, khungu limakana. Khungutu ndi mlonda wosalandira chiphuphu."

"Ndiye alowera pati?"

"Jakisoni. Sabata ndi sabata."

Apa m'pamene panagona nkhani. Munthu amene anakula ndi singano pakamwa ankakomoka akaona jakisoni. Tsiku loyamba nesi asanawakhudze n'komwe, a Mzere anali atatsetsereka kale pa mpando. Tsiku lachiwiri anafika pa geti la chipatala n'kukumbukira kuti mwina sanazimitse simbi. Magazi oyeza ankawatenga atagona chagada, akazi awo atawaphimba kumaso ndi chipewa, koma zimenezo zinali za apo ndi apo. Za sabata ndi sabata mpaka imfa anakanitsitsa.

"Singano ndi ya nsalu, adokotala. Ine sindine nsalu."

Adokotala atamva zimenezo anatchula za kafukufuku. Chipatalacho chinkayesa njira yatsopano yolowetsera mankhwala omwewo pakhungu popanda jakisoni, ndipo chinkafuna anthu odzipereka. Kuti munthu adzipereke mwa kufuna kwake anayenera kuloledwa ndi maofesi atatu. Yoyamba inkatsimikiza kuti ukudwala. Yachiwiri inkatsimikiza kuti wamvetsa. Yachitatu inkadinda kuti awiri oyambawo adinda.

Chimene anawapatsa chinali chigamba chachikulu ngati bokosi la machesi. M'mbali mwake munali kansalu komata, pakati pali kabwalo kotuwa, kokhakhala pang'ono ngati lilime la mphaka, kotchingidwa ndi pepala. Pamwamba pake ankalumikizapo kabotolo kaphwatalala ka mankhwala kosungidwa m'firiji. Injiniya wa gulu limene linapanga chigambacho, bambo wadazi wolankhula ndi manja onse awiri, anafotokoza bwinobwino mmene chimagwirira ntchito. A Mzere sanamve kalikonse. Maso awo anali pa jekete la injiniyayo, limene mkono wake wakumanzere unasokedwa mokhota, ndipo ankadzifunsa kuti tchimo limeneli anachita ndani.

Pepala la malangizo linalembedwa ndi komiti, ndipo komitiyo inaganizira zonse zimene munthu angachite ndi chigamba. Osachinyowetsa. Osachidula. Osachimeza. Osabwereka mnansi. Osamata pa chiweto. Simbi sinatchulidwe, popeza pa komitiyo panalibe amene amadzisitira yekha zovala.

A Mzere anabwerera kunyumba pa basi yodzaza, envulopu ya zigamba ili m'thumba la jekete. Pofika, kansalu ka m'mbali kanali katakwinyika. Anakayang'ana monga munthu amayang'anira ntchentche m'kapu. Anayala chigambacho pa tebulo, n'kuikapo kansalu kouma pamwamba, popeza pepala linaletsa kunyowetsa, n'kudinda simbi mofatsa mbali iyi ndi iyo. Kabotolo ka mankhwala sanakayandikize ku moto, chifukwa pepala linati kazikhala kozizira, ndipo iwo ndi munthu womvera malamulo. Chigamba chinagona pa mkono ngati chinabadwira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ankasita chigamba chilichonse, chokwinyika ndi chosakwinyika chomwe.

Masabata anapita. Pa benchi yodikirira ku chipatala anzawo a m'kafukufuku anayamba kudzionetsa. Mayi wina wophika buledi ankatsegula botolo la madzi n'kulitseka, n'kulitsegulanso, wopanda ludzu. Dalaivala wina anavula mphete imene inamukanirira kalekale. A Mzere ankakhala kumapeto kwa benchi, manja ali m'matumba. Zala zawo zinali momwemo, mwinanso zoposa. Achipatala atayeza magazi awo anapeza kuti mankhwala mulibe, kupatula kafungo chabe.

"Bambo, ndiuzeni zoona," anatero adokotala. "Mukumata?"

"Sabata iliyonse."

"Akumata, adokotala," anatero akazi awo. "Ndipo palibe amene amamata mwaudongo ngati iwowa."

Lamulo la kafukufuku linali lakuti amene magazi ake sakuonetsa mankhwala ndiye kuti sakutsatira malangizo, ndipo achotsedwe kuti malo ake apatsidwe wina. Kuchotsedwa kunkatanthauza jakisoni, jakisoni inkatanthauza geti la chipatala ndi simbi yosazimitsa ija, ndipo kumapeto kwake kunali munthu wofuna makina. Adokotala anapempha kuti komiti iyambe yawaona. Uthenga owaitana unati abwere ndi zonse zimene amagwiritsa ntchito pomata chigamba.

Komiti inakhala m'chipinda cha tebulo lalitali. Wapampando anali bambo wamkulu amene ngakhale moni ankawerenga papepala. Atamaliza kuwerenga kuti aliyense ndi wolandiridwa, anapempha a Mzere kuti aonetse mmene amachitira kunyumba.

A Mzere anaika chikwama pa tebulo n'kuyang'ana m'makoma.

"Soketi ili pati, bwana?"

"Soketi ya chiyani, bambo?"

Anatulutsa bulangete laling'ono n'kuliyala. Anatulutsa kansalu koyera. Kenako, ndi manja awiri chifukwa limodzi silikanatha, anatulutsa simbi.

Mlembi anafunsa monong'ona ngati simbiyo ilembedwe m'maminitsi. Adokotala anatseka pakamwa ndi dzanja. Injiniya anaimirira, anakhalanso pansi, n'kugwira dazi lake.

"Asiyeni amalize," anatero ndi mawu a munthu amene ali pa maliro. "Ndikufuna ndione ndi maso anga."

A Mzere anasita monga mwa nthawi zonse, mbali iyi ndi iyo, n'kunyamula chigambacho kuti onse aone kusalala kwake.

"Madala," anatero injiniya, "tiyeni pansi. Mayi, inunso tiyeni," anawonjezera akuyang'ana akazi awo a Mzere.

Pansi pa chipatalacho panali chipinda chozizira chopanda zenera. Pakati pake panaima makina onga firiji yokhala ndi chitoliro pamutu, akung'ung'udza chapansipansi. Injiniya anati amenewa ndi maikulosikopu oona zinthu zimene ngakhale kuwala sikutha kuzionetsa. Anadula kachidutswa ka chigamba chatsopano ndi ka chositidwa chija, n'kuzikonza, n'kuzitsekera m'kati. Anadikira ndithu. Kenako pa sikirini panayera.

Poyamba panaoneka mapiri. Anali osongoka, otuwa, oima m'mizere yowongoka moti a Mzere anagwedeza mutu movomereza.

"Tisingano timeneto," anatero injiniya.

A Mzere anagwira tebulo. "Singano? Ndakhala ndikudzibaya?"

"N'tatifupi kwambiri, sitifika pamene pali mitsempha yomva ululu. Munamvapo kupweteka?"

"Ayi."

"Musagwe, bambo, muno mulibe chipewa," anatero akazi awo.

Injiniya anapotokola kabatani. Phiri limodzi linakula n'kudzaza sikirini yonse, ndipo zinaoneka kuti lavekedwa kansalu kapulasitiki kopyapyala. Anapotokolanso. Kansaluko kanayandikira, kanayandikira, mpaka pamene panaoneka posalala panayamba kuchita tokhakhala. Anapotokola kachitatu, ndipo a Mzere anayandikira sikirini.

Panali nkhalango. Timizati tosawerengeka tinaima chilili, tina tatitali tina tatifupi, kuyambira m'mphepete mwa sikirini mpaka mphepete inayo, ndipo injiniya akasuntha chithunzi nkhalangoyo inkangopitirira. Anati pa kunenepa kwa tsitsi limodzi pakhoza kuima timizati timeneti mazanamazana. Zonsezi zinali pa mbali ya kasingano kamodzi, kamene a Mzere sanakaonepo, pa kabwalo kamene ankakayesa pepala lokhakhala. Anakhala akuyenda nayo nkhalangoyi m'thumba la jekete, pa basi, pafupi ndi makiyi.

"Anazidzala ndani zimenezi?" anafunsa motsitsa mawu.

"Timachita kudinda ndi chikombole. Chikombolecho kuchipanga kwake ndi nkhani ya tsiku lina. Tsopano onani chanu."

Chithunzi chinasintha. Mapiri aja analipo, ali chiimire. Koma atayandikira, nkhalango panalibe. Timizati tonse tinagona n'kusungunukirana, pamalopo pali see, ponyezimira ngati kumatako kwa thalauza la kalaliki.

A Mzere anayang'ana nthawi yaitali.

"Veleveti," anatero. "Mayi, ndasita veleveti kumaso."

Akazi awo anagwira pachifuwa, chifukwa anakhala m'nyumba ya telala nthawi yokwanira kudziwa kukula kwa mlanduwo. Veleveti ndi nsalu ya ubweya woimirira, ndipo ubweyawo ndiwo nsaluyo. Siikhudzidwa ndi simbi kumaso. Amaipatsa nthunzi chakumbuyo, ili m'mwamba, chifukwa ubweya ukagona sudzukanso. Wophunzira utelala amauzidwa zimenezi asanaloledwe kugwira sizasi, ndipo a Mzere anaziphunzira khutu lili m'manja mwa mphunzitsi wawo.

"Koma achimwene, ubweya umenewu ntchito yake n'chiyani? Singano zilipo, zikuboola. Mankhwala akulekeranji kulowa?"

Injiniya anakoka mpando. Ulendo uno a Mzere sanayang'ane jekete.

"Tisinganoto timangoboola chikopa chakufa cha pamwamba. Pansi pake pali maselo amoyo, tizipinda ting'onoting'ono timene tapanga thupi lanu. Ndiye maselowo ndi osokedwa, lina ndi linzake, msoko wothina. Mankhwala aang'ono amapeza podutsa. Aakuluwa amafika pa msoko n'kuima. Koma selo likakhudzana ndi timizati tija, limamva. Limazindikira kuti chandikhudzachi si chosalala. Ndiye msoko uja umamasuka pang'ono, mankhwala n'kudutsa pakati."

"Akumasula ndani?"

"Okha."

"Nanga mukachotsa chigamba?"

"Amasokanso."

"Okhanso? Popanda telala?"

"Popanda telala."

"Ulusi wotsalira osaoneka? Pomwe anasula osadziwika?"

"Osadziwika. Ndipo ndisakunamizeni, madala, chifukwa chake chenicheni ifenso sitinachimvetse chonse. Tikudziwa kuti selo limamva, tikudziwa zina zimene zimachitika m'kati mwake likamva. Zotsalazo tikufufuzabe."

A Mzere anatembenuza dzanja lawo lotupa n'kuyang'ana kumbuyo kwake, pamene khungu linachita timizere ngati nsalu yakale. Moyo wawo wonse ankasokera anthu zovala, osadziwa kuti aliyense wolowa m'shopu mwawo wavala kale china chosokedwa bwino kuposa, chodziwa kusiyanitsa veleveti ndi pulasitiki mumdima, chodzisula ndi kudzisoka chokha mwini wake ali pa basi. Anakhudza khungulo ndi chala mwaulemu, monga amakhudzira nsalu ya kasitomala imene sangathe kuilipira ikawonongeka.

"Ndiye lakhala likudikira ubweya," anatero, "ine n'kumalipatsa pulasitiki."

Atabwerera m'mwamba, komiti inali pa vuto lalikulu. Lamulo linati achotsedwe amene waphwanya malangizo. Wapampando anawerenga malangizo onse mokweza, kuyambira kunyowetsa mpaka chiweto, ndipo sanapeze limene a Mzere anaphwanya. Wina anati nzeru za chibadwa zikanawauza. Wapampando anafunsa kuti nzeru za chibadwa zili pa tsamba liti. Adokotala anati munthu amene amasita mankhwala ake sabata iliyonse osaphonya si munthu wonyozera mankhwala, ndipo pa odwala awo onse palibe wokhulupirika ngati ameneyu. Anagamula kuti a Mzere ayambirenso, ndipo anakhazikitsa komiti yaing'ono yoona za simbi. Komiti yaing'onoyo inakumana kangapo, inamwa tiyi, n'kubala mawu amodzi amene anawonjezedwa pa pepala la malangizo: Osasita. Mayi wophika buledi uja atawerenga anafunsa pa benchi kuti kodi wamisala wake ndani angasite mankhwala. A Mzere anati dziko lili ndi anthu osiyanasiyana.

Chigamba choyamba chosasita chinawazunza kuposa nyamakazi. Chinakwinyika pakona, ndipo ngakhale anachibisa ndi malaya a manja aatali, ankachimva tsiku lonse ngati mwala m'nsapato. Tsiku lomata likafika akazi awo ankatenga simbi n'kukaisungitsa kwa okonza mawotchi. Koma nthawi zina a Mzere ankaimitsa makina pakati pa msoko, n'kuika dzanja pa mkono pamene pali chigamba, n'kukhala chete ngati akumvetsera.

"Mukumva chiyani, bambo?" ankafunsa ometa tsitsi ali pakhomo.

"Akusula."

"Ndani?"

"Pitani mukamete, simungamvetse."

Kutupa kunayamba kuphwa pang'onopang'ono, moti amene ankawaona tsiku ndi tsiku sanazindikire. Moto wa m'mfundo unazilala. Chala chaching'ono chakumanja chinakhala chokhota, ndipo adokotala anati chimenecho chapita, sichibwerera. Sizasi inapepukako.

Mwana wawo anabwera m'mawa wina, munthu wofuna makina uja ali pambuyo pake ndi chingwe chomangira. Akazi awo a Mzere anali atangotsegula bokosi la ulusi kuti ayambe ntchito yawo ya m'mawa.

"Ababa, tinagwirizana. Achipatala ayesa."

"Ayesadi," anatero a Mzere. "Mayi, tandipatsani wakudawo."

Anazula singano yopanda ulusi pa kapilo n'kupita pa zenera. Ananyowetsa nsonga ya ulusi ndi milomo. Ulendo woyamba unadutsa pambali. Wachiwiri unapindika. Munthu wa chingwe anatsokomola n'kuyang'ana makina. A Mzere anadula nsongayo ndi mano, ananyowetsanso, anagwira mpweya, ndipo ulusi unatulukira mbali inayo. Anaukoka mpaka mkono wonse, n'kumanga mfundo ndi zala ziwiri.

Palibe amene anaomba m'manja. Akazi awo anatseka bokosi la ulusi. Mwana wawo anapepesa munthu uja n'kumuuza kuti amuimbira foni. Kenako anaima pakati pa shopu ngati waiwala chimene anabwerera, n'kuvula jekete lake la ku ofesi.

"Batani ili likugwedera," anatero.

A Mzere analandira jeketelo, analitembenuza, n'kuona m'kati mwake.

"Batani lokha? Anakusokera ndani chinthu chimenechi? Khala pansi. Mayi, kauzeni a mawotchi abweze simbi yanga."